Nyale za mu situdiyo zisanayake

Anthu amene amandiona ndikuwerenga nkhani zamadzulo pa wailesi yakanema amaganiza kuti ntchito yanga imayamba nyale za mu situdiyo zikayaka. Koma nthawi imeneyo ntchito imakhala ili kumapeto.

Lolemba m'mawa tinali pamsonkhano wa akonzi. Mtolankhani aliyense amabwera ndi yake, ndipo aliyense amakhulupirira kuti yake ndiyo yoyenera kutsogola. Pulogalamu yathu ndi ya mphindi 30, koma mukachotsapo zotsatsa malonda, zanyengo ndi zamasewera, zotsala n'zochepa zedi. Choncho pulodyusa amagawa nthawi mowumira: iyi masekondi 20, iyo mphindi imodzi ndi theka. Mawu otsogolera nkhani iliyonse ndimawalembanso ndekha, kenako n'kuwawerenga mokweza ndikuyang'ana wotchi. Chiganizo chokongola papepala chimatha kukupunthwitsa lilime. Komanso wowerenga nyuzipepala akasokonezeka amabwerera mzere wam'mwamba, pomwe woonera kanema akaphonya ndiye waphonya.

Tsiku lolemetsa linali Lachiwiri. Ndinali ndi mlendo, mkulu wa bungwe lina lomwe lipoti la owerengera ndalama linalipeza ndi mafunso. Lipotilo ndinaliwerenga lonse usiku, chifukwa mlendo amadziwa msanga ngati womufunsa wangoona tsamba loyamba. Sindilowa ndi mafunso ambiri. Amene walemba mndandanda wautali amatanganidwa ndi funso lotsatira m'malo momvetsera yankho, chikhalirecho funso labwino limabadwa kuchokera m'yankholo. Bambowo anali katswiri pozemba. Ndikafunsa za ndalama, iwo amayankha za masomphenya a bungwe lawo. Ndinati, "Bwana, zimenezo tamva, koma ndalama zija zinapita kuti?" Anazungulirabe. Uku m'khutu dayirekita akundinong'oneza kudzera pa kachipangizo kaja: "Achemwali, kwatsala masekondi 40, mangani."

Atolankhani achinyamata amakonda kutchula Jeremy Paxman wa BBC, amene mu 1997 pa pulogalamu ya Newsnight anafunsa wandale wa ku Britain, Michael Howard, funso limodzi lomwelo koposa ka 10. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti Paxman mwiniwakeyo anadzafotokoza kuti anauzidwa kutalikitsa zokambiranazo chifukwa nkhani yotsatira inali isanakonzeke. Ine nthawi yotereyo ndinalibe. Ndinabwereza funso komaliza, n'kusiya owonera adziweruzire okha.

Lachitatu ndinatuluka ndi wojambula kukatola nkhani ya anthu osowa pokhala madzi atasefukira. Ndimaumirira kutuluka ngakhale kamodzi pa sabata. Wowerenga nkhani amene sapondanso kunja amayamba kulankhula za mavuto a anthu ndi mawu ofanana ndi omwe amawerengera zigoli za mpira.

Lachinayi madzulo, kutatsala pang'ono kuti tiyambe, kanema wina anayamba kuzungulira pa WhatsApp ndi Facebook, akuti ngozi yaikulu yangochitika kumene. Mafoni anali kulira paliponse. Mnyamata wina wophunzira ntchito anathamangira kwa mkonzi: "Mayi, anzathu aika kale, tichedwa!" Mkonziyo sanatekeseke. Anauza mmodzi ayimbire apolisi, wina achipatala, ndipo wachitatu anadula chithunzi chimodzi m'kanemayo n'kuchifufuza pa Google. Zinapezeka kuti kanemayo ndi wa zaka zapitazo, wa dziko lina. Ngozi inachitikadi, koma yaing'ono, ndipo palibe anamwalira. Tinaiika pakati pa pulogalamu, popanda zithunzi, n'kutchula amene anatitsimikizira.

Mpikisano wofuna kukhala woyamba si wa lero, ngakhale unakula CNN itayamba kuulutsa nkhani usana ndi usiku mu 1980, kenako mafoni am'manja n'kuuwonjezera moto. Pa 22 November 1963, Walter Cronkite, wowerenga nkhani pa wailesi yakanema ya CBS ku America, anali kulandira malipoti akuti Pulezidenti John F. Kennedy wamwalira ku Dallas. Anawatchula, koma amanenetsa kuti sanatsimikizike, mpaka uthenga wodalirika unafika. Pa chisankho cha ku America cha mu 2000, wailesi zikuluzikulu zinalengeza kuti Al Gore wapambana ku Florida, n'kubweza mawu, kenako n'kupatsa George W. Bush, n'kubwezanso usiku womwewo. Anali ndi zipangizo zonse ndi akatswiri ambirimbiri. Chinawapweteka ndi phuma. Ndipo zikatere, owonera sakumbukira mkonzi kapena pulodyusa. Amakumbukira nkhope imene inanena zabodzazo.

Lachisanu prompter inazima tili pa mphepo. Kwa amene sanaionepo, ndi galasi lopendekeka lomwe limakhala kutsogolo kwa diso la kamera. Mawu amachokera pa sikirini ili m'munsi n'kuonekera pagalasipo, moti ine ndimawerenga pamene inu mukuona ngati ndikukuyang'anani m'maso. Chipangizochi chinayamba kugwiritsidwa ntchito ku America cha m'ma 1950, ndipo mpaka pano chimasankha nthawi yoipitsitsa yofera. N'chifukwa chake mapepala amene mumawaona patebulo si okongoletsa. Ndimatembenuza tsamba nkhani iliyonse ikatha ngakhale sindikuwerengapo, kuti zinthu zikavuta chala chikhale kale pamalo pake. Apa m'pamene kulemba wekha kumapindula: theka la chiganizo limakhala lili m'mutu, maso amangotsika kukatola dzina ndi nambala. Tinadutsa nkhani ziwiri choncho amisiri asanakonze, ndipo palibe woonera anaimba foni kudandaula.

Amene anaimba ndi a ku ofesi ya mlendo wa Lachiwiri uja. Akuti ndinawachititsa manyazi abwana awo ndipo sindinawapatse mpata. Mkonzi anaonanso zokambirana zonse, wotchi ili pambali, n'kupeza kuti bwanayo analankhula nthawi yaitali kuposa ine kutalitali. Anawayankha mwaulemu kuti kupepesa sitipepesa, koma mpando ulipo sabata yamawa ngati akufuna kudzayankha funso la ndalama lija. Anati atiuza Lolemba, ndipo pulodyusa wawasungira mphindi zisanu ndi imodzi.