Ulendo wa kwaya yathu ku Johannesburg ndi nkhani ya nyimbo ya Mbube

Tinanyamuka ku Blantyre pa basi ya ku Joni, kudzera pachipata cha Mwanza, kuoloka Zambezi ku Tete, kenako Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge, komwe tinaima pamzere miyendo itatupa kale. Anatiitana ndi gulu la abambo oimba isicathamiya, kaimbidwe ka Azulu kopanda zida zoimbira, kuti tikaphunzitsane nyimbo. Za ndalama ndi malo ogona alemba kale alembi athu. Ine anandipatsa mbali ya nyimbo, ndipo ndikhalitsa pa imodzi yomwe inatidyera usiku wonse.

Loweruka madzulo anatitengera kuholo ya pahositelo ina kukaonera mpikisano. Abambo atavala masuti ofanana ndi magolovesi oyera ankalowa monyang'ama, nsapato zikuwala, popanda ng'oma kapena gitala. Besi yokha inkanjenjemeretsa benchi lomwe tinakhalira. Atatipempha kuti nafe tiimbeko, tinaponya nyimbo ya mkango ija m'Chingerezi, The Lion Sleeps Tonight, monga tinaidziwira mufilimu ya The Lion King ya 1994. Anaomba m'manja, kenako mtsogoleri wawo, bambo wa imvi, anatikodola kuti tiyandikire. Mnyamata wina wakwathu amene amagwira ntchito kumeneko ndiye ankamasulira.

Nyimboyi anaipeka ndi Solomon Linda, Mzulu wa ku Natal amene ankagwira ntchito yolongedza malekodi kukampani ya Gallo. Anaijambula mu 1939 ndi gulu lake la Evening Birds, ndipo anaitcha Mbube, kutanthauza mkango. Inagulidwa kwambiri moti kaimbidwe konseko anthu anayamba kukatcha mbube. Mawu ake ndi ochepa: woimba akulozera chilombocho n'kuchiuza kuti "uyimbube", ndiwe mkango.

Pa tanthauzo, eni ake anasiyana ife tikuona. Bambo wa imviyo anati ndi nyimbo ya abusa, anyamata okumana ndi mkango wolondalonda ng'ombe za bambo awo. Wina woimba besi anapukusa mutu, nati Mzulu akatchula mkango amanena mfumu, ndipo iye akamaimba amaganiza za Shaka. Palibe anagonja. Ife sizinatidabwitse, pakuti nyimbo za pamtondo kwathu zimatchula nkhuku pomwe akunenedwa ndi mkazi mnzake.

Lekodiyo itafika ku America, woimba wina, Pete Seeger, anaimvera koma Chizulu sankachidziwa. Pomwe Linda ankati "uyimbube", iye anamva "wimoweh", ndipo gulu lake la The Weavers linatchuka nayo mu 1952 ndi mawu opanda tanthauzo amenewo. Mu 1961 George David Weiss anaiikira mawu a Chingerezi onena za mkango wogona m'nkhalango, a gulu la The Tokens anaiimba, n'kufika pa nambala 1 ku America. Apa bamboyo anatulutsa foni nkutiseweretsa lekodi ya 1939. Imamveka mwaphokoso lakale, mabesi akubwerezabwereza pansi. Chakumapeto anakweza chala kuti tikhale chete: mawu a Linda, opyapyala, anakwera okha pamwamba popanda liwu lililonse lomveka, kwa kanthawi kochepa. Tonse tinayang'anana. Kanali kayimbidwe komweko komwe tinali titangoimba m'Chingerezi.

Chimene chandikhala pamtima ndi ichi. M'nyimbo ya Linda mkango uli maso, ndipo munthu waima patsogolo pake akulankhula nawo. M'Chingerezi augoneka tulo, woimba akutonthoza wokondedwa wake kuti asaope. Nyimbo ya kulimba mtima inasanduka yogonetsera mwana. Ndipo mawu akamasintha, dzina la mwini wake linkasinthanso pamapepala. Linda anapatsidwa masheleni 10, anamwalira mu 1962 ali mphawi, pomwe nyimbo yake inkalemeretsa anthu omwe sanamuonepo. Mtolankhani Rian Malan analemba nkhani yonseyi m'magazini ya Rolling Stone mu 2000, mu 2004 mlandu wotsutsana ndi Disney, kampani yomwe inapanga The Lion King, unalowa m'khoti m'dzina la banja lake, ndipo mu 2006 kampani ya Abilene Music, yomwe inapatsa Disney chilolezo chogwiritsa ntchito nyimboyo, inavomera kulipira banjalo ndi kumutchula Linda pakati pa opeka nyimboyo. Mwini wake anali atatha zaka zoposa 40 m'manda.

Mlongo wina wa kwaya yathu anafunsa mwaulemu kuti, kodi bambo, popanda Chingerezicho ife a ku Malawi tikadaidziwa? Funsoli ndi loona, ndipo mawu a Weiss ndi okoma kuimba. Koma bamboyo anatikumbutsa kuti Miriam Makeba anaijambula m'Chizulu mu 1960, ndipo filimu ya Coming to America ya 1988 imayamba ndi Ladysmith Black Mambazo akuimba Mbube. Nyimboyi inkatha kuyenda ndi mawu ake omwe.

Tsiku lotsatira ife tinawaphunzitsa nyimbo ziwiri za Chichewa, iwo anatiphunzitsa Mbube mzere ndi mzere, ndi mapondedwe ake. Pobwerera, basi isanafike ku Harare, tinali titagwirizana kuti tiziiimba m'Chizulu ndipo wolengeza azitchula dzina la Solomon Linda tisanayambe. Tinagwirizananso kugula buku lolembamo amene anapeka nyimbo iliyonse ya kwaya yathu, chifukwa zina timangoti "za makolo" pomwe opeka ake ali moyo ndipo timapemphera nawo limodzi. Vuto lomwe latsala ndi mabesi. Iwo abambo ambiri pagulu amaimba besi, ife athu ndi ochepa, ndiye Mbube ikumveka yopepuka. Abambo ndi anyamata a mawu aakulu amene mungafune kulowa kwaya, bwerani pa mapulakatisi a Loweruka masana.