Mamilimita anayi kuseri kwa chidendene

Chipale chofewa chitagwa Loweruka usiku pa mapiri a Cairngorms, ndinadziwiratu kuti Lolemba kulibe kupuma. Chipale cha ku Scotland sichichedwa: chagwa lero, mkuja mphepo yasesa, kwatsala miyala. Ndiye anthu a kuno ku Aviemore akangoona mapiri ayera, aliyense amafuna ma ski ake, matabwa aatali otsetserekera pa chipale, pompopompo. Ndinapeza mapeyala 7 atatsamira khoma, kapepala ka mwini kali pamwamba.

Ntchito yanga ndi kumanga ma binding, tizitsulo togwira jombo pa ski. Ambiri amene ndimamangira si okwera makina opita nawo pamwamba. Ndi anthu okwera phiri ndi miyendo yawo, atamata zikopa kunsi kwa ski kuti asatererekere m'mbuyo, akafika pamwamba n'kuzimatula, n'kutsetsereka. Munthu wotere amanyamula chitsulocho ku phazi tsiku lonse, n'chifukwa chake amafuna chopepuka. Kutsogolo chimagwira jombo ndi timano tiwiri tolowa m'timabowo ta m'mbali, chidendene n'kumakwera ndi kutsika momasuka. Potsika phiri mumatembenuza chakumbuyo, tizitsulo tina tiwiri n'kulowa m'chidendene. Nzeruyi anaiyambitsa Fritz Barthel wa ku Austria m'zaka za m'ma 1980, kampani ya Dynafit n'kuifalitsa. Lero opanga achuluka: ATK ya ku Italy, Plum ya ku France, G3 ya ku Canada.

Lolemba ndi Lachiwiri zinali zoboola basi. Kuyeza, kuboola, guluu, kumanga, wina abwere.

Nkhani inali Lachitatu. Kunabwera bambo wina wa zaka 56, wamtali, wathupi, atanyamula kabokosi kamene anagula pa intaneti. Atatsegula ndinaona binding ya mpikisano, yosafika magalamu 150, yokongola kwabasi. Anati mnzawo anawauza kuti chopepuka ndiye chabwino. Ndinawafunsa kumene amatsetsereka. Anati akukonzekera Ben Macdui, phiri la mamita 1,309, ndipo aka n'koyamba kukwera ndi miyendo.

Ndinaitenga m'manja n'kuwaonetsa kasipuling'i kopindika ngati U kuseri kwake. "Bambo, mukuona aka? Mphamvu yake ndi imodzi, sikasinthika. Mukagwera kutsogolo, kadzamasula phazi lanu pa mphamvu imene kanapangidwira, osati yoyenera mwendo wanu." Binding ili ndi ntchito ziwiri zotsutsana: igwire jombo mwamphamvu pamene mukutsetsereka, koma iimasule msanga mukagwa, fupa lisanathyoke. Nambala yomasukira timaipeza pa tchati, poona kulemera kwa munthu, msinkhu, zaka, kutalika kwa jombo ndi katsetserekedwe kake. Amene wakwanitsa zaka 50 timamutsitsirako nambala, poti mafupa sakhalanso ngati a mnyamata. Tsono chitsulo chosasinthika ndingachitsitse bwanji?

Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Koma ndalama zapita kale." Ndinawamvetsa. Ndinawauzabe kuti othamanga mipikisano amadziwa chimene akusinthanitsa ndi kupepukako, ndipo amasankha dala. Iwo kusankha kumeneko anali asanachite, anangomva za magalamu. Ndinawaonetsa ina yolemererako, ya mabuleki, yoti nambala mutha kuisintha ya m'mbali ndi ya m'mwamba yomwe. Mabuleki kuno ndimawalimbikira, chifukwa pamwamba pa Cairngorms chipale chimauma gwa ndi mphepo, ndipo ski ikapulumuka ilibe choiimitsa imathawa osaonekanso. Ena amakonda kachingwe komangira ku jombo, koma pamalo pamene chipale chingagumuke, kachingweko kangakukokereni pansi. Bambowo anachoka osagula kanthu.

Lachinayi mtima unandigunda. Mtsikana wina anabweretsa ma ski akaunjika, oti anabooledwapo kale kwina. Kutalika kwa jombo kumalembedwa m'mbali mwa chidendene m'mamilimita, ndipo yake inali 287. Nditakhazika jig, chitsulo cholondolera dirilo, kachizindikiro ka pakati pa jombo katayang'anizana bwinobwino ndi mzere wa pa ski, ndinasuzumira m'mabowo ake dirilo ili kale m'manja. Bowo limodzi linkagwera pafupi kwambiri ndi lakale limene anatseka ndi kapulasitiki kofanana mtundu ndi ski. Ndikanaboola, sikuluwu ikanagwira pofooka, tsiku lina n'kudzazuka iye ali pamtsetse. Mkulu amene anandiphunzitsa ntchitoyi ankandiuza kuti pakati pa bowo latsopano ndi lakale pazikhala sentimita yathunthu. Ndinaimbira mtsikanayo, tinagwirizana zosuntha binding mamilimita ochepa kutsogolo pa ma ski onse awiri.

Pobowola penipenipo sindithamanga. Dirilo ya mamilimita 3.6 ndi ya ski yopanda chitsulo mkati, ya 4.1 ndi ya yachitsulo, ndipo opanga ambiri amalemba pa ski pomwepo. Ndimagogoda fumbi lituluke, n'kudonthetsa guluu wosalowa madzi m'bowo lililonse kuti thabwa la mkati lisavunde. Masikuluwu ndimamalizitsa ndi dzanja, osati makina, chifukwa dzanja limamva pamene yafika. Chakutsogolo sindichimangitsa kaye. Ndimalowetsa jombo, n'kuitsitsa pang'onopang'ono kuti ndione ngati chidendene chikugwera pakati penipeni pa tizitsulo tiwiri tija. Chikapendekera mbali imodzi ngakhale pang'ono, phazi lidzamasuka msanga kumanzere, kumanja n'kukanirira.

Kenako mpata wa kuseri kwa chidendene, pakati pa jombo ndi chitsulo chakumbuyo. Ma ATK ambiri amafuna mamilimita 4, ndipo m'bokosi mumakhala kapulasitiki koyezera. Ski ikamapindika m'dzenje, jombo siipindika nayo, ndiye mpatawu ndi umene umalola kusunthako. Ukachepa chitsulo chimagunda jombo, ukakula tizitsulo tiwiri tija sitilowa mokwanira m'chidendene. Kanthu kochepa chonchi, koma bondo la mwana wa eni lili pamenepo.

Lachisanu chakumasana bambo aja anabweranso. Ya mpikisano ija anali ataibweza. Ndinawamangira ya mabuleki, ndipo ndisanawapatse ndinawavalitsa jombo m'shopu momwemo. Analowa ndi kutuluka kasanu mpaka anazolowera kulunjika timabowo. Ndinawaonetsa kachogwirira ka kutsogolo: pokwera mukakokere m'mwamba kuti kakhome, potsika mukabwezere pansi, apo ayi ski sichoka ku phazi ngakhale mutagwa moipa. Ndinawauza aziyamba apukusa phazi kangapo asanakhome, timano tichotse ayezi m'timabowo, ndiponso aziwerenga lipoti la tsiku la Scottish Avalanche Information Service, bungwe lochenjeza za kugumuka kwa chipale, asananyamuke. Ben Macdui ndinati aiyembekeze kaye, ayambe ndi kachigwa ka Lurcher's Gully m'mapiri omwewa, limodzi ndi munthu wodziwa njira.

Anavomera, n'kufunsa ngati ine ndikwerako Loweruka. Ndinawalozera khoma. Panali patatsamira mapeyala ena 5.