Lachiwiri: chithunzi cha m'mutu mwa azakhali

Chiperoni chachezera usiku wonse, m'mawa phiri silimaoneka n'komwe. Ine ndi azakhali tadzuka 4 koloko kuti tipeze minibasi yoyamba pa Chitakale, ulendo wa ku Blantyre kukamva zotsatira za sikani ya CT, chithunzi cha m'kati mwa mutu wa azakhali. Mutu wawavuta kuyambira nthawi yokolola, amadzuka nawo m'mawa, pena kusanza, kenako maso kuyamba kuona ziwiriziwiri. Kumudzi anthu anali atagamula kale kuti awalodza, mpaka kutchulana maina eti.

Adokotala atembenuza kompyuta kuti tione, chithunzi chotuwa ngati papaya woduka pakati, ndiye aloza kachoyera chakumbali. Chotupa. Akuti chikuoneka kuti chamera pa nembanemba yokuta ubongo, dzina lake meningioma, ndipo zambiri za mtunduwu sizikhala khansa, koma akufuna MRI kaye, sikani ina yojambula ndi maginito, aone bwino. Ine mtima uli phaphapha, azakhali funso lawo limodzi basi: "Aphunzitsi, anthuwa aona bwanji m'mutu mwanga osandiboola?"

Pobwera mu minibasi ndayesa kufotokoza, paja masamu ndiye ntchito yanga. Makinawo amawalitsa X-ray kuchokera mbali zambirimbiri kuzungulira mutu, fupa limatsekereza kwambiri, madzi pang'ono, ndiye kompyuta imawerengetsa kuti pamalo aliwonse m'katimo pali cholimba bwanji. Azakhali anagona tisanafike pa Thyolo kkkk. Ine ndinangopitiliza kuwerenga pa foni mpaka bandulo kutha.

Munthu amene wandigwira mtima ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg konkuno kummwera. Mu 1956 ankaphunzitsa pa yunivesite ya Cape Town, anamupempha kuti azikathandizako pa chipatala cha Groote Schuur komwe ankachiza khansa ndi cheza, ndiye anaona kuti madokotala akungoganizira za m'kati mwa thupi. Anakhala pansi n'kupeza masamu owerengetsera za m'katimo kuchokera ku X-ray, anawasindikiza mu 1963 ndi 1964 m'magazini ya sayansi. Ndiye zii. Palibe dokotala anatekeseka. Amene anapempha pepalalo mochititsa chidwi anali a ku Switzerland ofufuza za chipale chogumuka m'mapiri, tinene napolo wa kwawoko. Tangoganizani.

Makina enieni anadzapanga ndi Godfrey Hounsfield wa kampani ya EMI ku England, munthu wopanda olo digiri, ndipo za Cormack sankazidziwa. Wodwala woyamba kumujambula mu 1971 ku London anali mayi amene ankamuganizira chotupa mu ubongo, chimodzimodzi azakhali. Mu 1979 awiriwa anagawana mphoto ya Nobel.

Msuweni wanga amene akuchita masters amandiuza kuti masiku ano wofufuza amamuyeza ndi manambala, mapepala angati, anzake amutchula kangati, zonse zili pa intaneti pa Google Scholar ndipo kukwezedwa pantchito kumadalira pomwepo. Sindikutsutsa, poti mwina palibe njira ina yachidule, koma mu 1965 Cormack akanaoneka mbuli pa sikelo imeneyo, pamene masamu ake anali olondola kale, amangodikira makina.

Kwathu kuno nakonso zachitika. MRI inafika ku Queen's mu 2008 chifukwa cha kafukufuku wa malungo a mu ubongo wa dokotala wa ku America Terrie Taylor ndi anzake, ndipo mu 2015 analengeza zimene anapeza mwa ana 168: pa ana 25 amene anamwalira, 21 ubongo unali utatupa kwambiri. Zaka zonsezi ana ankafa anthu osaona chimene chikuwamaliza, n'kudzaonekera pa Blantyre pompa.

Tafika kunyumba dzuwa litalowa, mvula yawaza ikadalipo, tiyi wa m'minda akununkhira. Anthu adzadza pakhonde kudzamva. Azakhali atulutsa envelopu, akuloza okha kachoyera kaja ngati ndi adokotala, "ichi ichi chimene chikundipweteka, chili ndi dzina lake." Amalume aja otchula maina angokhala duu.

Envelopu yalowa pansi pa matiresi limodzi ndi buku la kuchipatala. Tibwereranso sabata ya mawa, ndalama ya minibasi ndikaikongola kwa ahedi m'mawa.