Abakha a pa damu ndi mawu a amalume

Loweruka, ku Thyolo.

Mawu amene amalume andiuza madzulo ano akundivutabe mumtima. Ndinawaonetsa zithunzi za abakha am'tchire amene ndinajambula m'mawa pa damu lina la m'minda ya tiyi, abakha aja a nkhope yoyera, nkhongo yakuda ndi chifuwa chofiirira, amene amaimba likhweru akamauluka. Iwo anayang'anitsitsa pa sikirini ya kamera kwa kanthawi, kenako anati, "Iwe, chithunzi chakuda chonchi ndiye ukuti chabwino? Kuwala unaumiriranji?"

Amalume si munthu wolankhula zimene sakuzidziwa. Anajambula maukwati kwa zaka zambiri nthawi ya filimu, kuyambira pa boma mpaka ku Bvumbwe ndi ku Luchenza, ndipo vuto la bakha wa nkhope yoyera analizindikira msanga, chifukwa ndi lomwe lija la mkwatibwi wovala diresi loyera ataima pambali pa mkwati wa suti yakuda. Iwo akuti ankaonjezera kuwala kuti nkhope za anthu ndi suti zioneke bwino, ndipo diresi silinkawonongeka. Ndinawayankha kuti, "Amalume, zimenezo zinali zoona pa filimu ya negativu, yomwe imapirira kuwala kochuluka, koma kamera ya masiku ano ikapsereza malo oyera, palibenso chimene mungabwezeretse pa kompyuta." Anangopukusa mutu, ngati kuti ndikuwanamiza pofuna kubisa ulesi wanga.

Chimene ndinalephera kuwafotokozera bwino, chifukwa ankandidula pakamwa, ndi chakuti kamera ikamayeza kuwala imafuna kuti zonse zimene ikuona zithere pa kutuwa kwapakatikati. Madzi a damu lija ndi akuda, chifukwa cha mthunzi wa mitengo ya bulugamu imene yalizungulira, choncho kamera ikasiyidwa yokha imaganiza kuti kuli mdima, imaonjezera kuwala, ndipo nkhope ya bakha imasanduka chigamba choyera chopanda nthenga ngakhale imodzi. N'chifukwa chake ndimatsitsa muyeso wa kuwala pa kamera kuchoka pa 0 kufika pa -2/3, mwina mpaka -1 dzuwa likawomba pa mbalameyo, kenako ndimayang'ana histogram, kagirafu koonetsa kuchuluka kwa malo akuda ndi owala, kuti mbali ya kumanja, ya malo owala, isagunde khoma. Pa sikirini chithunzi chimaonekadi chakuda, koma ndikajambula mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yaona, mithunzi ndimaikweza bwinobwino pambuyo pake, ngakhale kuti ISO, muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala, ikakhala yokwera pamatuluka timadontho pa nthenga zakuda. M'mawa uno kunali chiperoni mpaka cha m'ma 8 koloko, ndiye ISO inafika pa 1600 kuti liwiro la shutter, kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera, likhale pa 1/1600 ya sekondi, popeza bakha akakupiza mapiko, liwiro lochepera pa 1/1000 limangotulutsa chimbuuzi.

Anzathu amene amajambula abakha a m'nyanja zamchere za kumpoto, monga eider wa ku Norway ndi Iceland, amalimbana ndi zomwezi, ndipo kwa iwo n'zovuta kwambiri, chifukwa eider wamwamuna ndi woyera kumsana, wakuda kumimba, ndipo amayandama pa mafunde amene amasintha kuwala mphindi iliyonse. Ife kuno nyanja yamchere tilibe, koma nkhope ya bakha wa pa damu imapsa mofanana. Nditatchula zimenezi amalume anaseka, nati za azungu a kozizira sizikuwakhudza.

Koma za kuwalazo sizinandipweteke kwenikweni. Chandikhala pamtima ndi chimene ananena ataona chithunzi chimene ine ndimachinyadira kuposa zonse. Ndinachijambula nditagona chafufumimba m'mphepete mwa madzi, lenzi ili pafupifupi kukhudza matope, kuti diso la bakha lifanane msinkhu ndi diso la kamera. Munthu ukatsika choncho, madzi a kutsogolo ndi udzu wa kumbuyo zimasungunuka, mbalame imatsala yokha ili tsatanetsatane, ndipo kadontho ka kuwala kamaoneka m'diso mwake. Bakhayo ndinamuika kumanzere, atayang'ana kumanja, ndipo kutsogolo kwake ndinasiya madzi ambiri kuti woona adziwe kumene akulowera. Amalume anati, "Mwini chithunzi amakhala pakati. Munthu wakulipira kuti umujambule, iwe n'kumukankhira kumphepete, madzi opanda kanthu n'kutenga malo ake?"

Ndinawauza kuti bakha salipira, ndipo tonse tinaseka, koma iwo sanasinthe maganizo. Anati ojambula a masiku ano timatsatira malamulo a pa intaneti ngati ana a sukulu, timagawa chithunzi patatu chifukwa choti tinauzidwa, osati chifukwa choti maso athu afuna. Apa m'pamene ndinakhala chete, ndipo kukhala chete kwangako kukundikwiyitsa mpaka pano, chifukwa ndikudziwa kuti bakha wosambira akaikidwa pakati amaoneka ngati womangidwa, ndipo akayang'ana kumphepete kwapafupi amaoneka ngati akuthawa m'chithunzi. Komabe pali chithunzi china m'gulu lomwelo, pamene bakha anatembenuka n'kundiyang'ana maso ndi maso, mthunzi wake uli m'madzi pansi pake, ndipo chimenecho chimakhala bwino pakati, monga iwo akunenera. Sindinawaonetse. Sindinafune kuti apeze pogwira.

Mwina ndi kutopa chabe, pakuti msana ukuwawa ndipo malaya amatope akadali m'beseni. Asanapite anandipempha kuti mawa ndiwatenge ku damuko, akuti akufuna kuigwira okha kamerayo, aone ngati diresi la bakha lingapsedi. Ndavomera, ngakhale kuti mawondo awo sangawalole kugona pansi, ndipo akajambula ataimirira, kumbuyo kwa abakha kudzakhala madzi akuda okhaokha. Batire ndaliika pa moto. Funso loti ndiwasiyire kamera ili pa -2/3 kapena ndiibwezere pa 0 kuti adzionere okha, sindinaliyankhebe.