Girisi wa kopa anandigulitsa dengu lonse la tomato

Ka Vitz kanga kanali ndi vuto limodzi, ukangoponda buleki kamalira ngati nkhumba ikuphedwa, moti ku Chilomoni ana ankadziwa kuti ndikubwera ndisanakhote n'komwe. Ndiye tsiku lina pamaliro ndinakhala pafupi ndi alamu anga, iwo aja ndi makaniko, ndinawanong'oneza za vutoli. Akuti "aaa alamu zazing'ono zimenezo, mugule girisi wa kopa, wofiirira uja timapaka m'mabawuti kuti asagwirane ndi dzimbiri, mupake pang'ono pa ma pad a buleki." Pompo kwaya inayamba nyimbo, nkhani inathera pomwepo.

Loweruka m'mawa jeke pansi, matayala akutsogolo kunja, ma pad m'manja. Funso linali loti ndipake mbali iti. Ndinaganiza ngati munthu wopita kusukulu kuti chimene chikuliracho ndi chimene chikukhulana ndi disc, chimbale chachitsulo chija chimazungulira ndi tayala, basi ndinapaka mbali imeneyo, ndipo mawu oti "pang'ono" aja ndinawaiwala, ndinachita kumata ngati Blue Band pa buledi wa mlendo.

Poyesa galimoto ndinasankha pamtsetse, nzeru zanga zomwezo. Ndinaponda buleki, zii, phokoso latheratu, mpaka ndinamwetulira. Kenako ndinazindikira kuti galimotonso sikuima! Ndinaponda ndi mphamvu zonse, kaVitz kakungotsetsereka mwaulemu, ine kukuwa "chokani chokani" mawindo ali otseka. Chinandipulumutsa ndi handibuleki poti imagwira matayala akumbuyo komwe dzanja langa silinafike, komabe tinakaima bampala ili m'benchi ya mayi ena ogulitsa tomato.

Mayiwo sanakalipe ayi. Anangoyang'ana tomato ali mbwee mumsewu nkuti, "Bambo, mwatenga yense eti? Ndikuikireni m'jumbo?"

Alamu atabwera anaseka mpaka kukhala pansi. Akuti girisiyo amapaka kumbuyo kwa pad, pachitsulo pamene pamatsamira pisitoni, kadontho chabe kuti zitsulo zisamanjenjemere ndi kulira, mbali yogwira disc imafuna kuuma gwa. Ma pad aja tinataya chifukwa girisi akalowa satulukanso, ma disc anawatsuka ndi brake cleaner kawiri konse, ndalama ikutuluka m'thumba mwanga.

Kunyumba tinadya tomato sabata yonse, m'mawa, masana, madzulo. Mpaka pano mayi aja ndikamadutsa amayamba akoka benchi yawo kenako nkundipatsa moni.