Zimene ndaphunzira poyerekeza makampani ofufuta mbiri ya munthu pa intaneti

Kwa masabata atatu apitawa ndakhala ndili pa ntchito imene aphunzitsi athu a zachitetezo cha pa kompyuta anatipatsa kuno ku Chanco. Anati aliyense asankhe makampani angapo amene amalonjeza kuchotsa dzina, adiresi ndi nambala ya foni ya munthu pa mawebusayiti ogulitsa mbiri za anthu, awayerekeze, kenako anene kuti ndi iti imene angalangize m'bale wake kuti alipire. Ndinkaganiza kuti ndingojambula tebulo, mtengo uku, chiwerengero cha mawebusayiti uku, ndithane nazo Loweruka limodzi mu laibulale. Tebulolo ndinajambuladi, koma nditaliyang'anitsitsa ndinaona kuti silikuyankha funso limene ndinafunsidwa.

Ndiyambe ndi ogulitsa mbiriwo, amene pa Chingerezi amawatcha ma data broker. Ine ndinawamvetsa bwino nditakumbukira mavenda a pa Songani nyengo yokolola. Venda sakhala ndi munda. Amangopachika sikelo yake pamtengo, n'kumagula ndowa ya chimanga kwa uyu, theka la thumba kwa uyo, mpaka lole idzadze, ndipo phindu lake lagona pa kusonkhanitsako. Ma data broker nawonso amatola pang'onopang'ono: m'kaundula wa boma wa eni nyumba, m'mapepala a kukhoti, m'makadi amene masitolo amapereka kwa makasitomala, m'mapulogalamu a pa foni. Kachidutswa kalikonse pakokha n'kosaopsa. Zikalumikizidwa ndi pamene pamatuluka munthu wathunthu: zaka zake, komwe amagona, komwe ankakhala kale, abale ake ndi nambala yake. Alipo akuluakulu monga Acxiom ndi Experian amene amagulitsa kwa makampani anzawo, ndiye pali ena monga Whitepages, Spokeo ndi BeenVerified amene amagulitsa kwa aliyense wokhala ndi khadi la kubanki. Malonda amenewa anakula kwambiri ku America chifukwa dzikolo lilibe lamulo limodzi loteteza mbiri za anthu m'madera ake onse.

Izi zinali zongowerenga mpaka usiku wina pamene ndinaimbira azakhali anga amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Indiana, ku America. Ndinali kuchipinda kwanga ku Chikanda, magetsi atazima, laputopu itatsala ndi moto pang'ono. Ndinawapempha chilolezo kuti ndilembe dzina lawo pa imodzi mwa mawebusayiti aja. Anaseka n'kunena kuti, "Lemba mwanawe, ine ndani angandidziwe kuno?" Pasanathe mphindi panatuluka zaka zawo, msewu umene akukhala, nyumba ziwiri zimene anasamukamo, ndi dzina la bambo amene anasiyana nawo banja movutikira zaka zapitazo, atalembedwa ngati wachibale. Ndinawawerengera mzere ndi mzere. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye kuti bambo ajanso akhoza kuona zomwezi?" Ndinati, "Inde azakhali, akhoza." Kuyambira usiku umenewo ntchito ija ndinasiya kuilembera mamalikisi.

Makampani ofufutawa onse amagwira ntchito yofanana pachimake. Umawapatsa mbiri yako, umawaloleza kuti akuimirire, iwo n'kumatumiza pempho ku webusayiti iliyonse kuti ichotse zako. Kusiyana kwake kuli m'kachitidwe. DeleteMe ndi imodzi mwa zakale, ndipo imatumiza lipoti miyezi itatu iliyonse. Incogni, imene ndi ya kampani ya Surfshark, imadalira kwambiri kutumiza mapempho mothandizidwa ndi malamulo a dera limene kasitomala akukhala, ndipo imafikira ma broker ogulitsa mbiri kwa otsatsa malonda, aja amene sungadzione wekha pa webusayiti yawo. Optery inandikopa chifukwa imakutumizira zithunzi za tsamba limene linali ndi dzina lako, lisanachotsedwe ndi litachotsedwa. EasyOptOuts ndi yaing'ono komanso yotchipa, pafupifupi madola 20 pachaka, pamene ena amapitirira madola 100, ena mpaka 200.

Pa tebulo langa loyamba ndinaika patsogolo amene amadzitama kuti amafikira mawebusayiti mazanamazana. Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Kutumiza pempho ndi chinthu china, kuti dzina lichokedi ndi chinthu chinanso. Chimene chinanditsegula maso ndi kafukufuku amene bungwe loteteza ogula la ku America la Consumer Reports linatulutsa mu Ogasiti 2024. Anatenga anthu odzipereka 32, makampani ofufuta 7 ndi mawebusayiti 13, n'kumabwerera kukayang'ana patatha sabata, patatha mwezi, mpaka miyezi inayi. Makampani onse pamodzi anachotsa 35 peresenti yokha ya mbiri zimene zinapezeka. Optery ndi EasyOptOuts ndi amene anachita bwino, woyamba 68 peresenti, wachiwiri 65. Confidently ndi ReputationDefender sanafike ngakhale pa 10 peresenti. Koma chimene chinandikhalitsa chete ndi ichi: pamene mapempho anatumizidwa pamanja, munthu kulowa yekha webusayiti iliyonse n'kudzaza fomu yake, zinachoka 70 peresenti. Njira yaulere inaposa onse olipidwa, ndipo kampani yotchipitsitsa inali m'gulu la opambana.

Kafukufukuyu ndi wa anthu ochepa, mawebusayiti ake ndi 13 okha, ndipo Incogni munalibemo, choncho sindinamutenge ngati chigamulo cha khoti. Komabe anandiphunzitsa funso loyenera. Ndinasiya kufunsa kuti kampaniyi imalonjeza zingati, ndinayamba kufunsa kuti ingandionetse umboni wanji, ndipo ibwerera liti kukaonanso. Kubwererako n'kofunika chifukwa mbiri yofufutidwa imaphukanso. Webusayiti ikachotsa dzina lako lero, mawa imagula mulu wina wa mbiri kwa mnzake, dzina lija n'kubweranso, mwina ndi kalembedwe kosiyana pang'ono. Zili ngati kupalira dawe: masamba wadula, koma timbatata take tili pansi. N'chifukwa chake makampaniwa amalipiritsa chaka ndi chaka, ndipo amene akuganiza kuti alipira kamodzi n'kupuma adzakhumudwa.

Pali mbali ina imene inandivutitsa maganizo kuposa mitengo. Kuti akufufutire, uyenera kuwapatsa zomwe ukufuna kubisazo: dzina lonse, tsiku lobadwa, maimelo, manambala, maadiresi onse amene unakhalako. Ukumupatsa mlonda makiyi a nyumba yonse, ndiye uyenera kudziwa kuti mlondayo ndi mwana wa ndani. Mu Malichi 2024 mtolankhani wina wa zachitetezo cha pa intaneti, Brian Krebs, anaulula kuti mkulu wa kampani yofufuta ya Onerep ndi amenenso anayambitsa mawebusayiti ofufuzira anthu, kuphatikizapo Nuwber. Mozilla, eni ake a pulogalamu yotsegulira intaneti ya Firefox, amene ankagwira ntchito ndi Onerep, analengeza kuti athetsa mgwirizanowo. Nditawerenga izi ndinawonjezera mzere watsopano pa tebulo langa: mwini wake ndani, ali ndi malonda ena ati, ndipo ukasiya kulipira mbiri imene unamupatsa amaitani. Mzere umenewu ndinauika pamwamba pa mtengo.

Kenako ndinadzifunsa kuti nanga ine, wokhala pansi pa phiri la Zomba, makampaniwa angandichitirenji. Yankho lake ndi lakuti pafupifupi palibe. Ambiri amatumikira anthu okhala ku America, ena amawonjezera Canada, Britain ndi mayiko a ku Ulaya. Si nkhani ya tsankho ayi. Pempho lofufuta limalemera chifukwa cha lamulo limene lili kumbuyo kwake. Ku Ulaya kuli lamulo la GDPR limene linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018, ndipo gawo 17 limapatsa munthu ufulu wouza kampani kuti ifufute zake, kampaniyo iyenera kuyankha pasanathe mwezi. Ku California, dera la ku America, anapita patsogolo mu 2023 ndi lamulo lotchedwa Delete Act, lokhazikitsa malo amodzi a boma pamene munthu angapereke pempho limodzi lopita kwa ma broker onse olembetsedwa m'deralo, mwaulere. Ndikaona zimenezi ndimati makampani ofufuta ndi ongonyamula kalata. Mphamvu ili mwa amene anadinda kalatayo.

Kwathu kuno lamulo lilipo tsopano, ngakhale anzanga ambiri m'kalasi sankadziwa. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo mu 2024 tinakhala ndi Data Protection Act, imene inapatsa MACRA udindo woyang'anira nkhanizi. Lamuloli limalola munthu kufunsa bungwe kuti lili ndi mbiri yake yotani, kuti likonze zolakwika, ngakhalenso kuti lifufute. Ndipo likufunikadi, chifukwa kuchokera pamene tinalembetsa ziphaso za unzika mu 2017, kenako n'kulumikiza masimukhadi ku ziphasozo, nambala ya foni ya Mmalawi inasanduka khomo lolowera ku dzina lake, nkhope yake ndi ndalama zake za pa foni.

Koma mbiri zathu sizitulukira pa mawebusayiti aja a ku America. Zimatulukira pafupi. Tsiku lina nditaima pa kanyumba ka ejenti wa ndalama za pa foni pafupi ndi msika, ndinaona kabuku kali chitsegulire pathabwa, mayina, manambala ndi kuchuluka kwa ndalama zili mbee, aliyense wa pamzere akutha kuwerenga. Ku malo ojambulitsa mapepala ndinapeza makope othimbirira a ziphaso za anthu ataunjikidwa m'katoni pakhomo. Pa magulu a WhatsApp timatumizirana mindandanda ya mayina ndi manambala a anthu a kutchalitchi, a chikwati, a maliro, osafunsa eni ake. Palinso mapulogalamu aja oonetsa dzina la woimba foni: ambiri amatenga mayina m'mafoni a anthu amene anawaika, choncho ukhoza kupezekamo iwe usanaikepo pulogalamuyo, chifukwa choti mnzako anakusunga mufoni mwake. Ndiye tikalandira uthenga uja wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, kapena foni ya munthu wotitchula dzina lenileni n'kumati mwana wathu wadwala kusukulu, timadabwa kuti watidziwa bwanji. Palibe kampani ya madola 100 pachaka imene ingatseke kabuku ka ejenti uja. Pamafunika kuti ife eni tizifunsa kuti kope la chiphaso changali mukalisunga kuti, ndipo likatha ntchito mulitani. Ine ndayamba kulemba tsiku ndi cholinga pamwamba pa kope lililonse limene ndikupereka, modutsa pa chithunzi pang'ono, kuti lisakagwire ntchito kwina.

Mu lipoti langa ndinalemba kuti munthu wokhala ku America amene ali ndi nthawi ayambe wadzichotsa yekha pa mawebusayiti akuluakulu, chifukwa ambiri ali ndi fomu yaulere ngakhale amaibisa pansi penipeni pa tsamba. Amene alibe nthawi, kapena amene ali pachiopsezo chifukwa pali munthu amene akumusaka, alipire kampani imene imaonetsa umboni ndiponso imene mwini wake ndi wodziwika, koma azidzifufuzabe yekha. Aphunzitsi analemba m'mbali mwa pepala kuti ndifotokoze bwino mmene munthu wa kuno angalembere bungwe kalata yopempha kufufutidwa potsatira lamulo la 2024, ndipo ndi zimene ndikuwerenga sabata ino.

Azakhali anasankha kuyamba ndi njira ya pamanja. Lamlungu lapitali, atachoka kutchalitchi, ine kuno kutada kale, tinakhala pa foni maola awiri tikudzaza mafomu limodzi. Ndinawatsegulira imelo yapadera ya ntchito imeneyi yokha, kuti yawo yeniyeni isalowenso m'manja mwa ma broker. Webusayiti ina inafuna kuti atsimikize polandira foni, ina inatizungulitsa masamba anayi tisanapeze podina. Tinamaliza zisanu ndi imodzi. Mayina ake ndawalemba kumapeto kwa kope langa la kalasi, pambali pake ndasiya mipata itatu: sabata, mwezi, miyezi inayi. Mpata woyamba ndidzaza Lamlungu likudzali.