Xi atayamba kusaka akatangale, makasino a ku Macau anauma

Anzanga, nkhani ya Macau imandisowetsa mtendere. M'dziko lonse la China, ndi kokhako komwe makasino ndi ololedwa. Mu 2013 anapeza ndalama zokwana madola pafupifupi 45 biliyoni, kuposa za Las Vegas Strip, dera lotchuka la makasino ku America, kasanu ndi kawiri.

Koma gawo lalikulu silinkachokera kwa alendo wamba ayi. Linkachokera m'zipinda za VIP, momwe madobadoba a juga ankabweretsa mabwana a ku China, kuwakongoza ndalama zotchovera baccarat (juga ya makhadi), kenako n'kukatolera ngongoleyo kwawo. Mwanjira imeneyi malamulo oletsa kutulutsa ndalama zambiri m'dziko ankazembedwa mosavuta.

Xi Jinping atatenga utsogoleri wa China kumapeto kwa 2012 n'kuyamba kusaka akatangale, mabwana aja anachita mantha kuoneka patebulo la juga. Kuyambira June 2014 ndalama zinatsika miyezi 26 motsatizana, ndipo mu 2015 mokha zinagwa ndi 34 peresenti. Boma la Macau, lomwe limadalira kwambiri msonkho wa juga, linamva kuwawa.

Ena amati ndale zinaononga bizinesi yokopa alendo. Ine ndikukana. Munthu wobwera kudzatsuka ndalama zakuba si mlendo wokaona malo! Taonani, eni makasino anasintha okha n'kuyamba kunyengerera mabanja: hotela ya kasino ya The Parisian inatsegulidwa mu 2016 ili ndi kansanja kofanizira nsanja ya Eiffel ya ku Paris.

Nanga dobadoba wamkulu, Alvin Chau wa kampani ya madobadoba ya Suncity? Mu 2023 khoti linamugamula zaka 18 kundende.